Mzikiti wokhala ndi tchalitchi pakati: mafunso ndi mayankho pa mizinda yakale ya ku Spain

Mumzinda wa Córdoba, kumwera kwa dziko la Spain, muli mlatho wa pa mtsinje wa Guadalquivir umene Aroma ndiwo anayala maziko ake zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Woima pamlathowo amaona mzikiti waukulu umene Asilamu anayamba kumanga mu 785. Pakati pa denga la mzikitiwo patumphuka denga lina lalitali, la tchalitchi cha Katolika, ndipo chakumbuyo kwake kuli nsanja ya mabelu. Mkati mwa nsanjayo mukadali makoma a nsanja ina yakale, imene munthu ankakwera poitanira anthu ku swala.

Mizinda yambiri yakale ya ku Spain ili chonchi. Mtundu uliwonse umene unalanda dzikoli unapeza makoma a anzawo ali chiimire, ndipo nthawi zambiri unkawagwiritsa ntchito m'malo mowagwetsa.

Kodi anamanga mizinda imeneyi ndani?

Palibe mtundu umodzi umene ungadzigugude pachifuwa. Aroma anafika mu 218 Yesu asanabadwe, pa nkhondo yawo ndi anthu a ku Carthage, ndipo analamulira zaka pafupifupi 600. Ufumu wawo utatha kunabwera a Visigoth, amene anaika likulu lawo ku Toledo. Mu 711 gulu lankhondo la Asilamu, ambiri mwa iwo a mtundu wa Berber a kumpoto kwa Africa, linawoloka nyanja pa Gibraltar motsogoleredwa ndi Tariq ibn Ziyad. Pasanathe zaka zambiri gawo lalikulu la dzikolo linali m'manja mwawo, ndipo analitcha al-Andalus.

Maufumu ang'onoang'ono a Akhristu anatsalira kumapiri a kumpoto, kenako anayamba kutsikira kumwera pang'onopang'ono. Analanda Toledo mu 1085, Córdoba mu 1236 ndi Seville mu 1248. Granada, mzinda womaliza wa mafumu achisilamu, unaperekedwa pa 2 Januwale 1492. Kuchoka 711 kufika 1492 ndi zaka 781, ndipo m'zaka zonsezo malire ankasunthasuntha. N'chifukwa chake kumpoto ndi pakati pa dziko kumachuluka malinga ndi matchalitchi a miyala, pamene kumwera kumachuluka njerwa, matailosi, mabwalo a m'kati mwa nyumba ndi madzi oyenda.

Aroma anasiya chiyani chimene chikuonekabe lero?

Chotchuka kwambiri ndi ngalande ya madzi ya ku Segovia. Madzi ake ankachokera kumapiri a Guadarrama, mtunda woposa makilomita 15. Ikafika pachigwa cha mumzinda, ngalandeyo imayenda m'mwamba, itasenzedwa ndi mizati ya miyala yolumikizidwa ndi makomo okhota ngati uta. Makomowo ndi oposa 160, ena osanjikizana awiriawiri, ndipo pamene patalika kwambiri pamafika mamita 28. Inamangidwa zaka pafupifupi 100 Yesu atabadwa, ndipo inapitiriza kubweretsa madzi mumzinda mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Mzinda wa Mérida unakhazikitsidwa mu 25 Yesu asanabadwe kuti mukhale asilikali opuma ntchito. Kumeneko kuli bwalo la zisudzo la Aroma limene mpaka pano limadzaza anthu chaka ndi chaka m'nyengo yotentha, komanso mlatho wa mamita pafupifupi 790 pa mtsinje wa Guadiana. Ku Lugo linga la Aroma likuzungulirabe mzinda wonse wakale, mtunda woposa makilomita 2, ndipo anthu amawongola miyendo pamwamba pake. Ku A Coruña nsanja yawo younikira zombo usiku ikugwirabe ntchito.

Akuti ngalande ya ku Segovia ilibe simenti kapena matope. Ndiye yaima bwanji zaka zonsezi?

N'zoona: miyala ya m'mizati ndi m'makomo ake inangosanjikizidwa. Nzeru yake ili m'kasemedwe. Miyala ya pakhomo lokhota imasemedwa yotakata kumwamba, yowonda kumunsi. Amisiri ankayamba aimika chimango cha matabwa, n'kusanja miyala kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka patatsala mpata umodzi pamwamba penipeni. Mwala womaliza ukalowa pampatawo, matabwa ankawachotsa. Kuyambira pamenepo mwala uliwonse ukafuna kugwa umapanikiza anzake a m'mbali, ndipo kulemera konse kumatsikira m'mizati mpaka pansi. Pamiyala yambiri pakuonekabe timaenje timene ankakolamo zitsulo poikweza.

Si kuti sinawonongekepo. Makomo 36 anachita kumangidwanso m'zaka za m'ma 1400. M'nthawi yathu ino chimene chinaiopseza kwambiri chinali utsi wa magalimoto ndi kunjenjemera kwa nthaka akamadutsa, moti mu 1992 magalimoto analetsedwa kudutsa kunsi kwake.

N'chiyani chimene chimasiyanitsa mzikiti wa ku Córdoba ndi ina yonse?

Anauyambitsa ndi Abd al-Rahman I, kalonga wa banja la Umayyad amene anathawa ku Syria abale ake ataphedwa. Amisiri ake anatola mizati m'mabwinja a Aroma ndi a Visigoth. Vuto linali lakuti mizatiyo inali yaifupi, ndipo nyumba yaikulu chotero ikanakhala ndi denga lotsika kwambiri. Anathana nalo posanjikiza makomo okhota awiri pamizatipo, lina pamwamba pa linzake, akumasinthanitsa njerwa zofiira ndi miyala yoyera. Wolowa mkati amaona mizere yofiira ndi yoyera kulikonse kumene angatembenukire, mpaka maso kulephera kupeza pamene yathera. Lero mwatsala mizati yoposa 850.

Mzinda ukamakula, mzikiti nawo unkakula, ndipo olamulira otsatira anauwonjezera katatu. Al-Hakam II, amene analowa ufumu mu 961, anamanga malo a kutsogolo kumene opemphera amayang'ana, n'kuwakuta ndi timagalasi tagolide ndi tamitundu ina tolumikizalumikiza. Luso la ntchito imeneyo linachokera ku Constantinople, likulu la ufumu wa Akhristu wa Byzantine. Womaliza kuwonjezera anali Almanzor, mkulu wankhondo amene mu 997 anakasakaza Santiago de Compostela kumpoto, n'kubwera ndi mabelu a tchalitchi cha kumeneko. Mbiri imati mfumu Ferdinand III italanda Córdoba inawabweza kwawo.

Nanga tchalitchi chinalowamo bwanji?

Akhristu atalanda mzindawu mu 1236 sanagwetse mzikitiwo. Anaudalitsa kuti ukhale tchalitchi, n'kumamanga maguwa ang'onoang'ono m'mbali mwa makoma. Zaka pafupifupi 300 zinadutsa mbali yaikulu ya nyumbayo ili monga inalili. Mu 1523 bishopu ndi ansembe ake anaganiza zochotsa mizati ina kuti amange tchalitchi chachitali pakati penipeni. Khonsolo ya mzinda inakana kwamtuwagalu, mpaka mlandu unakafika kwa mfumu Charles V, imene inavomereza ntchitoyo. Anthu amasimba kuti mfumuyo itadzaona ndi maso ake inadandaula kuti awononga chinthu chosapezeka kwina kulikonse pofuna kumanga chopezeka paliponse.

Komabe akatswiri ambiri amaona kuti kusanduka tchalitchi n'kumene kunapulumutsa nyumbayi, poti mizikiti ikuluikulu ya ku Toledo ndi ku Seville inagwetsedwa. Mkangano sunathe mpaka lero. Misa imachitikamo tsiku ndi tsiku, Asilamu saloledwa kuswaliramo, ndipo mpingo utalembetsa nyumbayi m'kaundula wa boma mu 2006, magulu ena anayamba kulimbikira kuti ikhale chuma cha anthu onse.

Kodi nyumba zimenezi zili paubale wanji ndi Africa?

Kuyambira cha m'ma 1090 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1200, kumwera kwa Spain kunali pansi pa mafumu ochokera ku Morocco: poyamba a Almoravid, kenako a Almohad. Nsanja ya Giralda ku Seville anaimanga a Almohad pakati pa 1184 ndi 1198, ndipo ili ndi abale ake awiri kutsidya kwa nyanja: nsanja ya Koutoubia ku Marrakesh ndi ya Hassan ku Rabat. Zonse zitatu ndi za ngodya zinayi, ndipo m'malo mwa masitepe muli njira yotsetsereka yokwera mozungulira. Ya mu Giralda ndi yotakata moti amati munthu ankatha kukwera ali pakavalo.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1400 Akhristu anagwetsa mzikiti umene Giralda inali nsanja yake kuti amange tchalitchi chachikulu kwambiri, koma nsanja anaisiya. Mu 1568 anamaliza kuikapo chipinda cha mabelu, ndipo pamwamba pake anaimikapo chifanizo cha mkuwa chimene chimatembenuka ndi mphepo. Bwalo limene Asilamu ankasambiramo m'manja ndi m'mapazi asanaswali lilipobe, lodzaza mitengo ya malalanje.

Pali ubale wina wowawa. Kuyambira 1503 malonda a pakati pa Spain ndi America ankadutsa ku Seville, ndipo siliva wa ku Mexico ndi Peru analemeretsa mzindawu. Pa nthawi yomweyo unali umodzi mwa mizinda ya ku Ulaya imene inali ndi akapolo ambiri ochokera ku Africa. Bungwe lachipembedzo la anthu akuda lodziwika kuti Los Negritos, limene linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, likadalipo, ndipo limatuluka pa mdipiti wa Lachinayi Loyera.

Alhambra ya ku Granada ili ndi chiyani chimene anthu amachokera kutali kudzaona?

Alhambra si nyumba imodzi. Ndi mudzi wachifumu wa paphiri, wokhala ndi linga, nsanja, nyumba za mafumu ndi minda. Muhammad I wa banja la Nasrid anayamba kumanga mu 1238, ndipo imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kukumba ngalande yopatutsa madzi a mtsinje wa Darro, makilomita angapo kumtunda, kuti afike paphiri louma. Madzi amenewo ndiwo amadzaza maiwe a m'mabwalo, amayenda m'timakwawa tosemedwa pansi mpaka m'zipinda, ndipo amaziziritsa mpweya dzuwa likaswa mtengo.

Kunja kwake makoma ndi ofiirira, opanda chokongoletsa chilichonse. Kukongola konse kunabisidwa mkati. Nyumba zotchuka kwambiri zinamangidwa m'zaka za m'ma 1300 ndi Yusuf I ndi mwana wake Muhammad V. Zipangizo zambiri si zodula: pulasitala, matabwa ndi matailosi. Chodula ndi dzanja la mmisiri. Kudenga kwa zipinda zina kuli timaenje ta pulasitala masauzande, tosanjikizana ngati zisa za njuchi, timene timaswa kuwala kochokera m'timazenera ta m'mwamba. M'makoma munasemedwa ndakatulo za Chiarabu, zambiri za Ibn Zamrak, amene analinso nduna ya mfumu. Pa Bwalo la Mikango pali mikango 12 ya mwala wa mabo yosenza beseni la madzi, itazunguliridwa ndi mizati yowonda 124.

Pambali pa zonsezi pali nyumba ina yosiyana nazo kotheratu. Charles V analamula kuti imangidwe, ndipo ntchito inayamba mu 1527 motsanzira mamangidwe a ku Italy: kunja ngodya zinayi, mkati bwalo lozungulira. Mfumuyo sinagonemo ngakhale usiku umodzi, ndipo denga lake linadzaikidwa m'zaka za m'ma 1900.

Toledo amati ndi mzinda wa zipembedzo zitatu. Kodi anthu ake ankakhaladi mwamtendere?

Nthawi zina inde, nthawi zina ayi, ndipo makoma ake ndi mboni ya zonse ziwiri. Mzindawu uli paphiri limene mtsinje wa Tagus walizinga mbali zitatu. M'timisewu take muli kamzikiti ka njerwa ka mu 999, kamene kanasanduka tchalitchi cha Cristo de la Luz. Muli sunagoge wa mizati yoyera ndi makomo okhota, amene mlendo angamuyese mzikiti. Mulinso sunagoge wa El Tránsito, amene anamangitsa m'zaka za m'ma 1350 ndi Samuel ha-Levi, Myuda wosunga chuma cha mfumu Pedro I. Pamakoma ake pali malemba a Chiheberi ndi a Chiarabu.

Mamangidwe oterewa, a luso la Asilamu pa nyumba za Akhristu ndi Ayuda, amatchedwa mudéjar. Pedro I yemweyo pomanga nyumba yake yachifumu ku Seville m'zaka za m'ma 1360 anaitanitsa amisiri ku Granada ndi ku Toledo. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, akatswiri a ku Toledo ankamasulira mabuku a Chiarabu a zamankhwala, masamu ndi nyenyezi kupita m'Chilatini, ndipo mabukuwo anafalikira m'masukulu a ku Ulaya.

Koma mtenderewo unali wodalira mtima wa mfumu. Samuel ha-Levi anafera m'ndende ya mbuye wake yemwe. Mu 1391 Ayuda anaphedwa m'mizinda yambiri, ndipo pasanapite nthawi yaitali sunagoge wa mizati yoyera uja analandidwa. N'chifukwa chake lero amatchedwa Santa María la Blanca. Mu 1492 Ayuda onse anauzidwa kuti abatizidwe kapena achoke m'dziko. Asilamu nawo anakakamizidwa kubatizidwa, ndipo zidzukulu zawo zinathamangitsidwabe kuyambira mu 1609.

Nanga kumpoto ndi pakati pa dziko kuli zotani?

Ávila, kwawo kwa Teresa Woyera amene anabadwa mu 1515, ndi mzinda wa m'malire a nkhondo zakale. Linga lake ndi lotalika makilomita 2.5, lili ndi nsanja zoposa 80 ndi zipata 9. Ngakhale tchalitchi chachikulu chinalowa nawo usilikali: khoma lake la kuseri kwa guwa ndi mbali ya lingalo.

Ku Burgos, kumene ntchito yomanga tchalitchi chachikulu inayamba mu 1221, ndi ku León, amisiri anatengera mamangidwe a ku France. Anachotsa kulemera kwa denga pamakoma n'kukupititsa pa mizati yochirikiza ya kunja, motero makoma anapyapyala ndipo mazenera anakula. Tchalitchi cha ku León chili ndi magalasi amitundumitundu okwana masikweya mita pafupifupi 1,800.

Santiago de Compostela ndi nkhani ina. Tchalitchi chake, chimene chinayamba kumangidwa mu 1075 n'kudalitsidwa mu 1211, chili pamalo amene Akatolika amakhulupirira kuti pali manda a mtumwi Yakobo. Anachimanga moganizira khamu: muli njira yozungulira kuseri kwa guwa kuti alendo azidutsa osasokoneza misa. Pa masiku aakulu amuna 8 amakoka chingwe cha Botafumeiro, chofukizira lubani chachikulu chimene chimalendewera kudenga, mpaka chimauluka kuchoka mbali ina ya tchalitchi kufika mbali inayo. Anthu akuyendabe ulendowu mpaka lero, ndipo wofuna chikalata chotsimikizira ayenera kuyenda makilomita osachepera 100 wapansi kapena 200 panjinga.

N'chifukwa chiyani misewu yakale ndi yopapatiza, ndipo nyumba zimabisa mabwalo mkati?

Chifukwa chachikulu ndi dzuwa. Ku Córdoba ndi ku Seville kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti. Msewu wopapatiza umakhala ndi mthunzi pafupifupi tsiku lonse, ndipo makoma opaka laimu woyera amabweza kutentha. Bwalo la mkati, lokhala ndi chitsime ndi zomera, limasunga mpweya wozizira wa usiku. Nyumba za Aroma zinali kale ndi mabwalo otere, ndipo Asilamu anawakonda chifukwa banja limakhala momasuka osaonedwa ndi odutsa. Mwezi wa Meyi uliwonse anthu a ku Córdoba amatsegula zitseko zawo kuti aliyense aone maluwa a m'mabwalo mwawo, mwambo umene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2012.

Mabwalo akuluakulu a pakati pa mzinda anabwera mochedwa. La ku Salamanca linamangidwa kuyambira 1729 mpaka 1755, ndipo pankachitikira misika, zikondwerero ndi masewero olimbana ndi nkhunzi.

Kodi zonse zimene alendo amaona lero ndi zakale zenizeni?

Ayi, si zonse. Mizinda ina inasungika chifukwa chakuti inaiwalika. Mfumu Philip II itasamutsira likulu ku Madrid mu 1561, anthu olemera anachoka ku Toledo pang'onopang'ono, ndipo panalibe ambiri ogwetsa zakale kuti amange zatsopano. Koma nyumba yaikulu ya Alcázar pamwamba pa mzindawu inaphwanyidwa pa nkhondo yapachiweniweni mu 1936, ndipo imene ikuoneka lero ndi yomangidwanso.

Alhambra nayo inaona zakuda. Mu 1812 asilikali a ku France pochoka anaphulitsa nsanja zina, ndipo m'zipinda za mafumu munkakhala anthu wamba. Buku la Washington Irving la mu 1832 linathandiza kukopa alendo, koma okonza ena a m'zaka za m'ma 1800 anawonjezera zokongoletsa za m'mutu mwawo. Leopoldo Torres Balbás, amene anayang'anira malowa kuyambira 1923 mpaka 1936, anachotsa zina mwa izo n'kulimbitsa zimene zinali pafupi kugwa. Masiku ano vuto ndi kuchuluka kwa mapazi: anthu oposa 2 miliyoni amafikako chaka chilichonse, moti tikiti yolowera m'nyumba za mafumu a Nasrid imalembedwa ola lake, ndipo wochedwa amabwerera pakhomo.

Okonza ena amasiya chizindikiro poyera. Mu 1992 amisiri okonza khomo lina la tchalitchi chatsopano cha ku Salamanca, chimene chinayamba kumangidwa mu 1513, anasema pakati pa masamba a mwala munthu wovala zovala za opita m'mlengalenga, ndi chilombo chogwira ayisikilimu. Alendo ena amajambula zithunzi ali kukamwa yasa, poganiza kuti amisiri a zaka 500 zapitazo analosera za ulendo wa kumwezi. Mu 2010 munthu wina anathyola dzanja la chifanizo cha munthu wa m'mlengalenga uja, ndipo nacho chinalowa m'gulu la zofunika kukonzedwa.